Levels.fyi ndi Glassdoor: kodi zimathandiza wofuna kudziwa malipiro a product manager ku Lilongwe?

Malonda a ntchito amene amatuluka m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times kawirikawiri satchula ndalama. Amangoti malipiro ndi okopa ndipo adzatengera maphunziro ndi luso la munthu. Ndiye amene waitanidwa ku intavyu ya product manager (woyang'anira katundu kapena ntchito inayake yomwe kampani imagulitsa) ku City Centre, kaya ndi kubanki, kukampani ya mafoni kapena kubungwe, amathamangira pa intaneti kuti asakachite chibwibwi akamufunsa zomwe akuyembekezera kulandira. Masamba amene amabwera msanga ndi awiri, Levels.fyi ndi Glassdoor. Zambiri pa masambawa n'zaulere, ndipo manambala ake ambiri amachokera kwa ogwira ntchito eni ake, osati kwa mabwana.

Levels.fyi idayamba mu 2017, ndipo ntchito yake yoyamba inali kufananitsa magiredi. Kampani iliyonse yaikulu ya zaumisiri ili ndi makwerero akeake: Google imati L4, L5, L6, pomwe Microsoft imagwiritsa manambala monga 62 ndi 63. Tsambali limaika makwererowa moyandikana kuti muone kuti giredi yakuti kuno ikufanana ndi iti uko. Mukasankha product manager, mungasefe potengera mzinda, kampani ndi zaka zomwe munthu wagwira ntchito. Muli makampani a zaumisiri ambiri, komanso mabanki monga JPMorgan Chase ndi masitolo monga Walmart, choncho kufananitsa kumatheka.

Ubwino wake weniweni ndi woti silipereka nambala imodzi. Limagawa malipiro patatu: malipiro okhazikika, bonasi ndi masheya. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kusiyana kwa zaumisiri ndi ntchito zina. Mukayang'ana malipiro okhazikika okha, product manager wa banki yaikulu ku New York ndi mnzake wa kampani ya zaumisiri satalikirana modabwitsa. Mpata umatseguka pa masheya, ndipo umakula munthu akamakwera giredi. Banki imakonda kupereka bonasi ya ndalama pakutha pa chaka, pomwe Google, Meta ndi Amazon amalipira gawo lalikulu m'masheya a kampaniyo, amene mtengo wake umakwera n'kutsika pamsika.

Masheyawa sabwera tsiku limodzi. Nthawi zambiri amatuluka pang'onopang'ono kwa zaka 4, ndipo m'makampani ambiri munthu akachoka chaka choyamba chisanathe sapatsidwa ngakhale imodzi. Amazon ili ndi kagawidwe kodziwika: 5 peresenti chaka choyamba, 15 chaka chachiwiri, 40 chachitatu, 40 chachinayi. Tiyerekeze kuti wina walonjezedwa masheya a madola 100,000. Mukawagawa mofanana pa zaka 4 zimaoneka ngati madola 25,000 chaka chilichonse, koma chaka choyamba m'manja mwake mumalowa a madola 5,000 okha, n'chifukwa chake kampaniyo imaikapo bonasi ya ndalama pa zaka ziwiri zoyambirira. Woyang'ana nambala yaikulu ya pamwamba osatsegula mzere uliwonse zimenezi saziona. Ndipo masheya a kampani yaing'ono yomwe sinafike pamsika wa masheya ndi nkhani inanso: simungawagulitse lero, mwinanso mpaka kalekale. Ndi mbalame ya m'tchire, siikidwa pa bajeti ya lendi.

Chofooka cha Levels.fyi kwa ife n'choonekeratu. Ambiri olembapo ali ku America, India ndi ku Ulaya, ndiponso ndi a makampani olipira bwino, poti wolandira zambiri ndi amene amafulumira kudzalemba. Mukasaka Lilongwe kapena Malawi mupeza zochepa kwambiri. Johannesburg, Nairobi ndi Lagos zimaonekako, koma nazonso sizochuluka.

Glassdoor ndi yakale, idatsegulidwa mu 2008, ndipo mu 2018 idagulidwa ndi Recruit Holdings, eni ake a tsamba lofufuzirapo ntchito la Indeed. Imafika ntchito za mitundu yambiri kuposa inzakeyo: inshuransi, zakumwa, mankhwala, mabungwe. Kuti muone zonse imafuna mutsegule akaunti n'kulembapo kanthu, malipiro anu kapena ndemanga ya komwe mwagwirako. Gawo la mafunso a intavyu ndi lothandiza ndithu. Koma pa malipiro imasokoneza m'njira ziwiri. Pomwe olemba ndi ochepa imaonetsa nambala yongoyerekeza ndi makina, ndiye muziyamba mwaona kuti ndi anthu angati amene adalembadi. Chachiwiri, imaunjika pamodzi anthu a dzina la udindo limodzi ngakhale ntchito zawo zikusiyana.

Vuto la dzinali si laling'ono. Udindowu mizu yake ili ku Procter & Gamble, komwe mu 1931 Neil McElroy adalemba kalata yopempha kuti katundu aliyense akhale ndi munthu womuyang'anira payekha. Mpaka lero kukampani ya sopo kapena zakumwa product manager ndi munthu wa zamalonda: mtengo, paketi, kutsatsa. Kubanki amayang'anira mtundu wa ngongole, akaunti kapena khadi, ndipo amayenera kutsatira malamulo a Reserve Bank. Kukampani ya mafoni ndi wa mabandulo kapena ntchito ngati Airtel Money ndi Mpamba. Wa zaumisiri amakhala ndi olemba mapulogalamu tsiku ndi tsiku, kusankha chomwe chipangidwe sabata ino ndi chomwe chidikire. Anthu anayiwa akaikidwa mu mphika umodzi, nambala yapakati yomwe imatuluka siimira aliyense wa iwo.

Kuno kwathu mndandanda wa ku America suyenda chimodzimodzi. Makampani a zaumisiri a m'dziko muno ambiri ndi aang'ono, ena amadalira mapulojekiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo alibe masheya ogulitsika pa Malawi Stock Exchange. Ena mwa amene ali pamsikawo ndi mabanki monga National Bank, Standard Bank, FDH ndi NBS, komanso TNM ndi Airtel Malawi. Ndiye chinthu chomwe chimakweza wa zaumisiri ku Seattle kuno kulibe, ndipo phindu lalikulu limabisala m'zoonjezera: mafuta a galimoto, MASM ya banja lonse, mayunitsi, ngongole ya antchito ya chiwongoladzanja chotsika. Masamba awiriwa alibe malo abwino olembapo zimenezi.

Pali msampha winanso, wa tsiku. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Malipiro a kwacha amene wina adalemba mu 2021 ndi mbiri chabe. Ngati tsamba likuwasintha kukhala madola, funsani kuti lagwiritsa mtengo wa liti.

Kagwiritsidwe kabwino ka Levels.fyi ndi kubwereka kagawidwe kake, manambala n'kuwasiya. Tengani kalata yomwe akupatsani, lembani malipiro okhazikika, chotsani msonkho wa PAYE malinga ndi mlingo womwe MRA ikugwiritsa chaka chimenecho, chotsaninso 5 peresenti yanu ya penshoni, ndipo onetsetsani kuti 10 peresenti ya bwana ndi yoonjezera, sinawerengedwe kale mu nambala yomwe akutchulayo. Bonasi ilembeni payokha, ndipo funsani ngati idatuluka zaka ziwiri zapitazi. Zoonjezera zisandutseni kwacha: malita a mafuta pamwezi muwachulukitse ndi mtengo wa papampu. Mukachita izi pa makalata awiri, ya banki ndi ya kampani ya mapulogalamu, mpamene mumaona kuti yooneka yaikulu pamwamba nthawi zina ndi yomwe ikuchepa.

Pa nambala zodalirika, pali magwero awiri oposa masambawa. United Nations imasindikiza poyera mlingo wa malipiro a antchito a m'dziko lililonse, kuphatikizapo Malawi, ndipo magiredi a NOA mpaka NOD, a akatswiri olembedwa ntchito m'dziko lawo lomwe, amapereka chithunzi cha zomwe mabungwe akuluakulu a mu Lilongwe amatsatira. Kwa ofuna ntchito yakunja yogwirira kunyumba, ku America malamulo a Colorado kuyambira 2021, mzinda wa New York kuyambira November 2022 ndi California kuyambira January 2023 amakakamiza makampani kulemba malipiro pa malonda a ntchito. Nambala zimenezo ndi za kampani eni ake. Chenjezo lake ndi loti makampani ambiri amadula malipiro potengera komwe munthu akukhala, choncho funsani msanga ngati mlingowo ukukhudzanso wokhala ku Area 47, komanso ngati akulembani ngati wantchito kapena kontilakitala, poti kontilakitala amadzilipirira yekha msonkho, penshoni ndi chipatala.