Kalasi ya Chinyanja ya Loweruka ku Kabwata

Ana ambiri a mu Lusaka amalankhula Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, pamene mayeso a Giredi 12 a bungwe la Examinations Council of Zambia amafuna chilankhulo cha m'mabuku. N'chifukwa chake ndinalembetsa mwana wanga ku kalasi ina ku Kabwata, kumene amaphunzitsa mayi wina wa ku Chipata amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi.

Tsiku limene anandilola kukhala kumbuyo, phunziro linali kusiyanitsa kusokonezeka ndi kuzunguzika, mawu amene ana athu amawaona ngati amodzi. Mayiwo anatulutsa ulusi wopiringizana n'kufotokoza kuti chosokonezeka ndi chinthu chimene chinali ndi dongosolo koma latayika, kotero mawuwa amagwira pa ndondomeko ya ukwati, pa masamu a m'sitolo, ngakhale pa maganizo a munthu. Kuzunguzika, iwo anati, kumachitikira munthu amene nzeru zake zili bwinobwino koma zomuzungulira zamuchulukira, monga wa ku Katete amene watsika basi pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka koyamba, anyamata oitanira okwera akumukokera uku ndi uku, iye osadziwa kolowera. Wotereyu akangokhala pansi pang'ono, mtima umakhazikika.

Chimene ndinayamikira koposa ndi chenjezo lawo lakuti kunena kuti mkulu wasokonezeka mutu ndi mawu olemera, pakuti womva amaganiza za matenda ndi chipatala cha odwala misala cha Chainama, pamene kunena kuti wazunguzika sikumuchotsera ulemu. Mtsikana wina atafunsa chifukwa chake chamba chimatchedwa mankhwala osokoneza bongo komanso ozunguza bongo, mayiwo sanakakamire lamulo lawo, koma anavomera kuti pamenepo mawuwa amakumanadi. Aphunzitsi ovomera zotere pamaso pa ana ndi ochepa.

Zofooka ziliponso. Chipinda n'chaching'ono, ana amagawana buku limodzi atatuatatu, ndipo mayiwo amakhalitsa pa matanthauzo mpaka nthawi yolemba chimangirizo n'kuchepa. Mabuku ena amene amagwiritsa ntchito ndi a ku Malawi, olemba ch pamene kalembedwe ka ku Zambia kamaika c, choncho kholo liziyang'ana m'kope la mwana kuti asasakanize. Malipiro ndi a pamwezi ndipo sakuwawa m'thumba, koma malo amadzaza msanga mayeso akamayandikira, kotero ndi bwino kulembetsa kumayambiriro kwa chaka.