Kokonzetsa mabuku a kumutu kwa bedi: argola, guluu kapena kusoka?

M'nyumba zambiri za ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mabuku amene amagona kumutu kwa bedi ndi omwewo: Baibulo, buku la nyimbo, katekisimu kapena kabuku ka mapemphero, ndipo kwa amene ali pa sukulu, mulu wa mafotokope. Ena amaonjezapo kabuku ka nkhani kogula pa msika, kamene kadutsa kale m'manja ambiri. Mabuku amenewa ndiwo amayamba kutha, chifukwa amatsegulidwa usiku uliwonse munthu atagona chammbali, dzanja lina litagwira tochi, ndipo tulo tikabwera amagoneredwa. Chikuto chimayamba kulekana ndi masamba, kenaka masamba oyambirira a Genesis ndi mapu a kumapeto amasowa.

Kokonzetsa kulipo. Mapapelaria (masitolo a mapepala ndi mafotokope) a pa Ulongwe, Moatize ndi mumzinda wa Tete amachita encadernação, ntchito yomanga mabuku, ndipo pa Ulongwe ntchitoyi ili ndi msika chifukwa cha ophunzira a zaulimi a yunivesite ya UniZambeze ndi a ku koleji ya Hefsiba, amene amamangitsa zolemba zawo. Vuto nlakuti makina ndi luso la malo amenewa nza mapepala a A4 ochokera mu fotokope. Buku losindikizidwa limene lathothoka ndi ntchito ina, ndipo si aliyense woima pa kauntala amene angakuuzeni zimenezi asanalandire ndalama.

Argola ya pulasitiki, mphete zija zolowa m'mabowo a m'mbali mwa mapepala, ndiyo yotchipa ndi yachangu, mumadikirira pomwepo. Makina amaboola mabowo 21 m'mbali mwa pepala la A4, kutsogolo amaika pulasitiki yoonekera, kumbuyo katoni yopyapyala. Pa mafotokope a pepala la magalamu 80 palibe chodandaula: buku limatseguka bwino, ndipo masamba ena angathe kuonjezedwa pambuyo pake. Chofunika kuyang'ana ndi kukula kwa argola. Ya mamilimita 10 imanyamula mapepala pafupifupi 60. Akapanikizamo oposa pamenepo masamba satembenuka, amang'ambika pa mabowo. Ndipo mano a argola akayamba kuthyoka amakola neti ya udzudzu, choncho buku lotere lizigona kunja kwa neti.

Koma Baibulo kapena buku la nyimbo musalole kuti aliike argola, ngakhale atakuuzani kuti lidzatuluka lokongola. Kuti mabowo atheke, amayamba adula msana wonse ndi gilotina, makina odulira mapepala. Akatero masamba amene anali awiriawiri ogwirizana pakati amakhala amodziamodzi, ndipo bukulo silingasokedwenso monga linalili. Mpata wa mkati mwa Baibulo ndi wochepa, ndiye mabowo amadya zilembo zoyamba za mavesi. Pepala lake nalo ndi lopyapyala, kulemera kwake sikufika theka la pepala la fotokope, moti limakwinyika m'makina ndipo limang'ambika pa mabowo pasanathe miyezi. Zimapweteka mtima kwambiri likakhala Buku Lopatulika lakale, la mawu aja a 1922, limene agogo analembamo masiku obadwa a ana awo onse. Buku Loyera la 1998 mungakagule lina ku Dedza podutsa pa malire a Calomue, koma zolemba za agogo zilibe kogula.

Capa dura, chikuto cholimba chimene amapangira mamonografia (zolemba zomalizira maphunziro), imaoneka bwino ndi zilembo zake zagolide. Funsani chimene chagwira masamba mkatimo. Nthawi zambiri amakhala mastepulo aakulu kapena guluu wotentha. Mastepulo amachita dzimbiri ndi chinyezi cha dzinja la ku Angónia, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo dzimbirilo limadya pepala. Guluu wotentha amauma gwa, ndiye mukatsegula buku mwamphamvu msana umathyoka pakati, masamba nkuyamba kutuluka. Ku Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, guluu ameneyu amafewa buku likasiyidwa pa windo kapena m'galimoto. Pa monografia yokakhala pa shelefu palibe vuto. Pa buku lowerenga mutagona, limene liyenera kutseguka lokha osalimbana nalo, ndi kutaya ndalama.

Za selotepi, supagulu ndi guluu wa nsapato tingonena mwachidule: ayi. Selotepi imasanduka yachikasu, imamatuka nkusiya banga losachoka. Supagulu amaumitsa pepala mpaka kuthyoka. Guluu wa nsapato amalowerera m'masamba nkudetsa zilembo. Phala la ufa wa tirigu kapena wa chinangwa limamata bwino, koma limaitana mphemvu.

Ntchito imene tikuivomereza ndi yosoka, ndipo amene amaidziwa ndi ochepa. Ena ali m'mapapelaria momwemo, ena ndi akuluakulu amene anaphunzira m'mamishoni ndipo amagwirira kunyumba, choncho kufunsa ku tchalitchi kumathandiza. Mtengo wake umaposa wa argola kangapo, ndipo buku limakhalako masiku awiri kapena atatu. Wonena kuti mubwere madzulo omwewo ndiye kuti sadikira guluu kuti aume.

Musanapite nalo, tsegulani bukulo ndi kuyang'ana msana kuchokera pamwamba. Mukaona timitolo ta masamba topindidwa pakati, kawirikawiri ta masamba 16 kapena 32, ndipo pakati pa kamtolo pakuoneka ulusi, bukulo ndi losoka. Wodziwa ntchito amachotsa chikuto, amapala guluu wakale pang'onopang'ono ndi mpeni wosathwa, nkulekanitsa timitolo popanda kudula kanthu. Pamene pang'ambika pa mpindo amamatapo kachidutswa ka pepala lopyapyala, ka sentimita imodzi ndi theka m'lifupi. Kenaka amasoka kamtolo kamodzikamodzi, kudutsa m'mabowo akale ngati akadali olimba, ndipo ulusi umazungulira timalamba tiwiri kapena titatu ta nsalu toikidwa mopingasa msana. Kumapeto kwa kamtolo kalikonse amamanga mfundo yokalumikiza ndi kapansi pake. Ulusi ukhale wa thonje wolimba, wopakidwa phula kapena kandulo kuti usapotane. Ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba umadula pepala. Akaukoka kwambiri masamba amang'ambika pa mpindo, akaulekerera timitolo timagwedera, ndipo ulusi wonenepa pa buku la timitolo tambiri umatupitsa msana mpaka buku kulephera kutsekeka. Apa mpamene luso la munthu limaonekera.

Akatha kusoka amapaka cola branca, guluu woyera uja wa akalipentala, mopyapyala pa msana, nkumatapo nsalu yopepuka ya thonje kapena bandeji, yotsalira masentimita atatu mbali iliyonse. Mapiko a nsaluyi pamodzi ndi timalamba tija ndizo zimagwira chikuto. Buku limene alimata pepala lokha pamenepa lidzalekananso ndi chikuto chaka chisanathe. Cola branca ndi wabwino chifukwa akauma amapindika osathyoka. Akachuluka amalowa pakati pa masamba nkuwamata mpaka pa zilembo.

Chikuto chimafuna katoni yolimba ya mamilimita awiri, osati ya bokosi la sopo imene ili ndi mphako mkati. Ipitirire masamba ndi mamilimita atatu pamwamba, pansi ndi kutsogolo. Pakati pa katoni ya msana ndi ya m'mbali pasiyidwe mpata wa mamilimita 6 kapena 7, poti pamenepa mpamene chikuto chimapindikira. Ambiri amalakwitsa apa. Mpata ukachepa, chikuto chimakoka tsamba loyamba nthawi iliyonse mukatsegula mpaka kulizula. Kukutira ndi kapulana kapena chitenje nkwabwino, ndipo kumalimba kuposa pepala lonyezimira, bola ikhale nsalu ya thonje yochapa kale ndi kusita. Guluu apakidwe pa katoni, adikire pang'ono kuti ayambe kunata, ndipo nsalu ibwere pambuyo. Akapaka pa nsalu, guluu amatulukira kunja nkusiya mabanga owala. Pomaliza amalowetsa pulasitiki pakati pa chikuto ndi masamba kuti chinyezi chisalowe, nkutsendereza bukulo pakati pa matabwa awiri ndi njerwa zinayi kapena zisanu kwa maola 24. Kuumitsa pa dzuwa kumapinda chikuto ngati chikopa chouma, ndipo sichiwongokanso.

Timabuku ta nkhani tachikuto chofewa tambiri sitinasokedwe, masamba ake ndi amodziamodzi omatidwa. Pa iti palibe timitolo tosoka. Njira yabwino ndi kupala guluu wakale, kulinganiza masamba, kuwapana ndi matabwa msana utatulukira masentimita angapo, kuwapindira mbali imodzi kuti nsonga zake ziyalane nkupaka cola branca, kenaka kuwapindira mbali inayo nkupakanso. Motero tsamba lililonse limagwirana ndi linzake m'mbali pang'ono. Ena amachekanso timizere ta mamilimita awiri kuya ndi sowo yaing'ono, motalikirana masentimita atatu, nkugonekamo ulusi. Zimalimba ndithu. Kusoka kobowola m'mbali ngati nsapato nako kumalimba, koma buku silitsegukanso mpaka mkati, ndiye nkoyenera pokhapokha mpata wa mkati ukafika masentimita awiri.

Mabuku a boma a ku pulayimale, kuphatikizapo a Cinyanja a m'makalasi ophunzitsa m'zilankhulo ziwiri, musawabooletse kapena kuwadulitsa. Amagawidwa ulere ndipo ambiri amabwezedwa kuti ena adzagwiritse ntchito. Kuwakutira ndi pepala lolimba nkokwanira.

Popereka buku, pemphani kuona lina limene munthuyo anakonza kale. Liikeni pa tebulo, litseguleni pakati, muone ngati likhala lotseguka lokha. Ligwireni chikuto chokha nkuligwedeza pang'ono: masamba asalendewere. Gwirizanani mtengo mu meticais ntchito isanayambe, ndipo nenani momveka kuti asadule msana, asasenge m'mphepete ndi gilotina, ndiponso masamba olembedwa pamanja asatayidwe. Masamba othothoka muwaike m'malo mwake nokha muli kunyumba, chifukwa wokonzayo mwina sawerenga Chichewa ndipo angasokere Malaki pakati pa Masalimo. Ngati pali masamba osowa, pangani fotokope kuchokera m'buku la mnzanu losindikizidwa mofanana, mbali zonse ziwiri, kuti awalowetse posoka.

Polilandira, onani manambala a masamba pamene timitolo tikumana musanalipire. Likafika kunyumba lipatseni malo pa kathabwa kokhomedwa kukhoma, kotalikirako pansi, osati pa simenti kapena pansi pa mphasa pamene chiswe ndi chinyezi zimafika msanga. Baibulo lalikulu ligone chafulati, chifukwa likaimirira kulemera kwa masamba kumakoka msana. Cholembera musachitsekere mkati, chimathyola ulusi pa mpindo, kansalu kapena kapepala nkokwanira kusungira pamene mwalekezera. Likanyowa ndi denga lodontha, liimikeni potseguka pamthunzi podutsa mphepo, muzisintha mapepala ouma pakati pa masamba, ndipo mulitsendereze pokhapokha litatsala pang'ono kuuma, apo ayi lichita chuku.