Makokola mpaka Likoma: ola limodzi pandege kapena kugonera mu Ilala?

Alamu anga amakhala ku Likoma, ndiye nkhani ya kayendedwe siitha pakhomo pathu kuno ku Mangochi. Ndege ndidakwerapo kamodzi kokha, alendo ena atandisiyira mpando, koma Ilala ndiye ndidasiya kuwerenga.

Kuchokera pabwalo la ndege la Makokola, kufupi ndi msewu wa ku Monkey Bay, kukafika pabwalo la Likoma ndi makilomita pafupifupi 250 mumlengalenga. Ndege zing'onozing'ono ngati Cessna Caravan zimathamanga makilomita pafupifupi 300 pa ola, choncho ola likamakwana mwatera kale. Tsiku limenelo ndidakhala pawindo. Mabwato a asodzi ankaoneka ngati timitengo ta machesi, ndipo chapakati pa nyanja tizilombo touluka totchedwa nkhungu tinkafuka ngati wina watentha tchire pamadzi. Mkazi wanga atandiimbira kufunsa ngati tanyamuka, n'kuti ine ndikuyang'ana kale tchalitchi chachikulu cha St Peter.

Koma ola limenelo lisakunamizeni, abale. Pa Makokola sipali ngati pa depoti poti mungofika n'kukwera. Ndege yake ndi yahayala, kawirikawiri imachokera ku Lilongwe, ndipo mtunda umene yauluka yopanda munthu kudzakutengani umalowanso m'thumba mwanu. Mukakhala nokha ndalama yake njoboola m'thumba, pokhapokha mutagawana anthu angapo. Katundu nayenso amamuika pasikelo: kachikwama kofewa ka makilogalamu ngati 15, basi. Thumba la chimanga la alamu lija lingotsala pakhonde.

Ilala ndi nkhani ina. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, ndipo imanyamuka pa Monkey Bay Lachisanu, kamodzi pa sabata. Imaima m'madoko a m'njira kutsitsa ndi kukweza, mumagona momwemo, ku Likoma mumafika Loweruka. Mukaiphonya ndiye kudikira Lachisanu linalo. M'miyezi ya June ndi July, mwera ukakalipa, ngakhale akuluakulu ozolowera nyanja amangokhala chete atagwira chitsulo. Komabe sitimayi sikana katundu. Malata, njinga, matumba a ufa, zonse zimalowa, ndipo pobwerera mumatenga usipa wouma wokwanira mudzi wonse. Ndimakondanso macheza a usiku pamwamba paja, tiyi ali m'manja, nyali za asodzi zili ngwee kutali.

Njira yachitatu ndi yapamsewu: kudzera ku Golomoti, kulowa M5, kudutsa Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka Nkhata Bay, kenako boti lowolokera kuchilumba. Pamsewu pokha dzuwa limakulowerani, ndiye muyambe mwafunsa tsiku limene boti linyamuke musanachoke pakhomo. Ine ndidagonapo masiku awiri pa Nkhata Bay chifukwa chosafunsa.

Kwa ine zili chonchi. Ngati muli ndi wodwala kapena agogo osatha kupirira mafunde, ndipo achibale angathe kusonkherana, ndege ndiyo yothandiza. Uthenga wa maliro ukafika Lolemba, Ilala iiwaleni, gwirani msewu m'mamawa. Koma ulendo wokacheza, wa katundu ndi ana, sindiganiza kawiri. Mwezi wamawa tikupita ndi matumba atatu a chimanga, ndipo Lachinayi tikagona ku Monkey Bay kuti sitima isatisiye.