Chamba cha fungo la ndimu ndi cha fungo la dothi: zimasiyana pati?

Fungo la ndimu kapena lalanje limene limamveka m'mitundu ngati Super Lemon Haze ndi Tangie anthu amaligwirizanitsa ndi limonene, mafuta omwewo amene amathovoka ukafinya khoko la lalanje. Chamba cha fungo lolemera ngati la dothi lonyowa, nthawi zambiri chimakhala ndi mafuta ena a fungo otchedwa myrcene wochuluka, yemwe amapezekanso m'mango.

Kumunda, m'maiko amene malamulo amalola, kusiyana kumaonekeratu. Mitundu yambiri ya fungo la ndimu imakula motalika, masamba ake ndi opyapyala ngati zala, ndipo imachedwa kukhwima. Yambiri ya fungo la dothi ndi yaifupi, ya masamba otambalala, imakhwima msanga, koma maluwa ake othithikana amagwira nkhungu mosavuta kukachita chinyezi. Fungo la ndimu nalo ndi losakhalitsa: maluwa akauma pa kutentha kwambiri, limauluka.

Osuta amati cha ndimu chimachangamutsa ndi kuyankhulitsa, pomwe chinacho chimafooketsa thupi mpaka tulo. Ine pamenepa ndiye pamandidetsa nkhawa, chifukwa fungo lokoma limanyenga munthu kuganiza kuti chambacho n'chofatsa. Chimene chimaledzeretsa ndi mankhwala a m'chambamo otchedwa THC, osati fungo ayi, ndipo mitundu yonse iwiri imatha kukhala nayo yambiri. Ikachuluka mtima umagunda mothamanga, m'kamwa mumauma gwa, ena amagwidwa mantha osadziwika mutu wake. Kwa wachinyamata amene ubongo wake ukukulabe, kapena munthu amene kwawo kuli matenda a maganizo, zonse ziwiri n'zoopsa mofanana.