Shure SM58: imanyamula bwanji chisoni, ukali ndi manong'onong'o?

Womvera amadziwa kuti munthu wakwiya, ali ndi chisoni kapena akunyengerera asanamvetse n'komwe zimene akunenazo. Amazitola pa kamvekedwe: mpweya wotuluka limodzi ndi mawu, kusasa, kunjenjemera, kuuma kwa pakhosi. Maikolofoni ya mlaliki, mlakatuli kapena wasewero iyenera kuyesedwa pamenepo.

Maikolofoni ya Shure SM58, yomwe inatuluka mu 1966, imachita bwino kwambiri pa mawu amphamvu. Ndi yamtundu wa dynamic, umene sufuna batire, imatola mawu a pakati pa 50 ndi 15,000 Hz (muyeso wa kutsika ndi kukwera kwa mawu), ndipo imamva zakutsogolo kuposa zakumbuyo. Munthu akakalipa kapena kufuula, mawu sasweka, ukaliwo umafika wathunthu.

Ubwino wake weniweni uli pa mtunda. Mukaiyandikiza pakamwa, masentimita 2 mpaka 5, mawu apansi amanenepa, ndipo olankhula amamveka ngati akukhuthula zakukhosi pafupi ndi khutu lanu. Mawu otonthoza anamfedwa kapena pemphero lachifatse zimakhala bwino apa. Mukaitalikitsa kufika masentimita 15 kapena 20, kunenepako kumachoka, mawu amamveka owuma ngati a chilengezo. Wodziwa amayendetsa dzanja motsatira mtima wa zimene akunena: pafupi podandaula, patali podzudzula.

Pofooka pake ndi pa manong'onong'o. Kampweya kaja ka munthu wotopa kapena wamantha kamakhala m'mawu apamwamba, ndipo maikolofoniyi sikatola mokwanira ngati mmene ya condenser, mtundu wina wa maikolofoni wofuna magetsi, imachitira. Wojambula sewero la pawailesi m'chipinda chachete angachite bwino kusankha ina. Ngati muli nayo yomweyi, yandikirani, kwezani gain (mphamvu ya mawu olowa) pamikisa pang'onopang'ono, ndipo chepetsani mawu apansi pa 100 Hz kuti chisoni chisasanduke mdidi wosamveka.

Cholakwa chofala n'kufumbata mutu wake. Dzanja limatseka timipata takumbuyo, maikolofoni imayamba kumva mbali zonse, sipika n'kuyamba kulira, mawu n'kumveka ngati akuchokera m'chitini. Gwirani pathupi. Zilembo za p ndi ph zikamaphulika, ipendeketseni pang'ono kuti mpweya uzidutsa pambali.

Pogula chenjerani, zachinyengo zachuluka. Yeniyeni imalemera magalamu pafupifupi 300, ndipo mukasisita thupi lake ili yolumikizidwa, phokoso la dzanja limamveka pang'ono chabe.