Resistor yokha kapena LM317 poyendetsa laser diode?

Resistor yokha imangochepetsa current (kuchuluka kwa magetsi odutsa mu diode). LM317 (kachipangizo kowongolera magetsi) yokhala ndi resistor pakati pa miyendo yake ya OUT ndi ADJ imaisunga pamlingo umodzi: kuti mupeze current, gawani 1.25V ndi ma ohm a resistoryo, choncho 10 ohm ipereka 125mA.

Mtengo: resistor njotchipa, LM317 imakwererako pang'ono.

Batire: resistor imayenda ngakhale magetsi achepe. LM317 imafuna pafupifupi 3V pamwamba pa ya diode, apo ayi kuwala kumafooka.

Nkhani yaikulu ndi kutentha. Diode ikatentha imakoka current yambiri, resistor siitha kuiletsa bwino, mapeto ake diode n'kupsa. LM317 imaigwira currentyo, koma nayo imatentha, ndiye ifunika heatsink (chitsulo chochotsa kutentha).

Resistor ikwanira ka diode ka 5mW. Diode yochotsa mu DVD burner ifuna LM317. Ngati mwaikapo capacitor (kachipangizo kosunga chaji ya magetsi), chotsanimo chaji musanalumikize diode, ndipo valani magalasi oteteza maso.