DDR4 kapena DDR5? Yankho lake ndilo limakusankhirani motherboard

Ambiri akaganiza zodzilumikizira kompyuta ya pa tebulo amayamba n'kusirira motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ya nyali zamitundumitundu, za RAM (timabolodi tosunga kwa kanthawi zomwe kompyuta ikugwirapo ntchito) n'kudzaziganizira kumapeto. Ine ndimati yambirani ku RAM komweko. DDR4 ndi DDR5, mitundu iwiri ya RAM, zonse zili ndi timapini 288, ndipo mukaziyika pamodzi zimaoneka ngati mapasa, koma kampata kodulidwa m'munsi mwake kali pamalo osiyana. DDR5 siingalowe m'malo a DDR4 ngakhale mutakanikiza bwanji, mungothyola zinthu. Choncho mukangonena kuti "ndikufuna DDR5", theka la motherboard zonse mwalitaya kale, ndipo purosesa, ubongo wa kompyuta, nayonso yayamba kudziwika.

Njira zomwe tikambirane pano ndi zitatu. Yoyamba ndi soketi (malo oikapo purosesa pa motherboard) ya AM4 ya kampani ya AMD, yomwe inatuluka mu 2016 ndipo imalandira DDR4 yokha. Yachiwiri ndi AM5, ya 2022, ya DDR5 yokha. Yachitatu ndi LGA1700 ya Intel, ya 2021, yomwe imalandira mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14. Iyiyi ndiyo imasokoneza anthu, chifukwa purosesa yake imagwira ntchito ndi mitundu iwiri yonse ya RAM, koma motherboard iliyonse imabwera ya mtundu umodzi basi. Mwachitsanzo, pa motherboard za LGA1700 zotchedwa B760, ya DDR4 ndi ya DDR5 zimatha kufanana dzina, mtundu ndi bokosi, kusiyana kwake n'kukhala tizilembo tochepa kumapeto kwa dzinalo. Werengani dzina lonse mpaka kumapeto musanagule.

Tiyambe ndi liwiro, pakuti m'pamene manambala amanyenga. Munthu akaona DDR4-3200 ndi DDR5-6000 amaganiza kuti yachiwiriyo ithamangitsa kompyuta pafupifupi kawiri. Ayi ndithu. Nambala imeneyo ikunena kuchuluka kwa zomwe zingadutse pa sekondi, monga kukula kwa msewu. Palinso nambala ina yoyamba ndi CL, yonena kuchedwa kwa RAM isanayankhe. Chulukitsani CL ndi 2000, mugawe ndi liwiro. DDR4-3200 CL16 ikupatsani 10, ndipo DDR5-6000 CL30 ikupatsaninso 10 yemweyo. Ndiye kuti zonse ziwiri zimayamba kuyankha pakatha mananosekondi 10, kungoti DDR5 ikayamba imatuta zambiri nthawi imodzi. Wokonza mavidiyo kapena wopanikiza mafayilo akuluakulu amakuona kusiyanaku ndi maso. Wolemba makalata ndi kusakatula pa intaneti sangadziwe n'komwe kuti m'kati muli iti. Masamu omwewa amakutetezani kwa DDR5 yaulesi: ya 4800 CL40 imachedwa kupitirira 16, moti pa kuyankha imagonja kwa DDR4 yabwino.

Nanga AM4, yakalamba? Yakalamba inde, koma sinafooke. Motherboard ya B550 yokhala ndi purosesa ya Ryzen 5 5600 ndi RAM ya DDR4-3600 ndi kompyuta yokhazikika, yopanda zodabwitsa, chifukwa zovuta zambiri za BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa motherboard yomwe imadzutsa kompyuta, zinakonzedwa kalekale. Ngati muli kale ndi DDR4 ya 16GB kapena 32GB m'kompyuta yakale, apa sindizengereza, njira yanu ndi imeneyi kapena B760 ya DDR4. Vuto lake ndi loti msewu wathera pomwepo. Ryzen 5000 ndiwo m'badwo womaliza pa soketiyi, ndipo tsiku lomwe mudzafune purosesa yatsopano mudzasintha zitatu nthawi imodzi: purosesa, motherboard ndi RAM. LGA1700 nayonso ili chimodzimodzi, popeza mu 2024 Intel inasamukira ku LGA1851, ya DDR5 yokha. Kumbukiraninso kuti Ryzen 5 5600 ilibe mbali yoonetsera zithunzi m'kati mwake, imafuna khadi lapadera, monganso mapurosesa a Intel othera ndi chilembo F. Yomwe ili ndi mbali imeneyi ndi Ryzen 5 5600G.

Kwa woyambira pa chabe, wopanda chilichonse chakale, ine ndimaloza AM5. AMD inalonjeza kupitiriza kutulutsa mapurosesa a soketiyi mpaka 2027 ngakhale kupitirira, ndipo tinaona mmene AM4 inakhalitsira. Motherboard ya B650 yogulidwira Ryzen 7000 imalandiranso Ryzen 9000 mukangoikamo BIOS yatsopano. RAM yoyenda nayo bwino ndi DDR5-6000 CL30. Kupitirira pamenepo phindu limachepa, nthawi zina makina n'kuyamba kuvuta.

Pa AM5 pali chinthu chimodzi chomwe chinandichititsa manyazi ndekha m'chipinda. Nditalumikiza zonse, ndinadina batani. Mafani anazungulira, kanyali kakang'ono kolembedwa DRAM kanayaka pakona pa motherboard, koma sikirini ili bii! Patatha masekondi ngati makumi atatu ndinathimitsa, n'kuzula RAM, n'kuibwezera, n'kuyatsanso. Katatu konse, thukuta lili kamukamu. Osadziwa kuti kompyutayo inalibe vuto: poyaka koyamba, motherboard imayesa RAM ya DDR5 kuti ipeze mayendedwe oyenera, ndipo zimenezi zimatha kutenga mphindi zingapo, makamaka RAM ikakhala yambiri. Nthawi iliyonse yomwe ndinkathimitsa, ndinkaibweza poyambira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anzanga. Dinani batani, kenako ikani manja kumbuyo.

Tsopano za chipset, kachipangizo ka pa motherboard komwe kamaipatsa dzina monga B650 kapena B760. Anthu amathira ndalama zambiri pa X670 kapena Z790 poganiza kuti kompyuta ithamanga kuposa pa B650 kapena B760. Purosesa imodzimodzi pa motherboard ziwirizi imagwira ntchito mofanana. Zomwe mukulipira ndi malo ambiri a USB ndi a M.2 (oikamo tizipangizo tosungira mafayilo), ndipo ku Intel, Z790 imakulolani kukweza liwiro la purosesa yothera ndi chilembo K. Ngati simudziwa chomwe mudzalowetse m'malo onsewo, ndiye kuti simukuwafuna. Komano musatsikenso kwambiri. H610 ya Intel kawirikawiri imakhala ndi malo a RAM awiri okha ndipo siilola kukweza liwiro la RAM kupitirira lovomerezeka. A620 ya AMD imalola zimenezo, koma zambiri mwa izo ndi zoyenera mapurosesa osadya magetsi ambiri. Chomwe ine ndimayang'ana pa chithunzi ndi mbali yozungulira soketi, pamene pali tizipangizo topereka magetsi ku purosesa. Ngati pali zitsulo zoziziritsira, ndimakhutira. Ngati tizipangizoto tili pambalambanda, purosesa yamphamvu idzatitenthetsa mpaka iyo yokha idzayamba kubwerera m'mbuyo.

Kukula kwa motherboard sikufuna mawu ambiri. ATX ndi mamilimita 305 ndi 244, micro-ATX 244 mbali zonse, mini-ITX 170 mbali zonse. Micro-ATX imakwanira pafupifupi aliyense. Mini-ITX njokongola koma ili ndi malo a RAM awiri okha, ndipo kulumikiza mawaya m'kesi yaing'ono kumafuna zala za mwana.

Funso lomwe ndimalimva kawirikawiri n'lakuti, malo a RAM ali anayi, bwanji osadzaza onse? Pa DDR4 zimatheka popanda nkhawa yaikulu. Pa DDR5 musatero ngati mungapewe. AMD yeniyeniyo imalemba kuti pa Ryzen 7000 RAM ziwiri zimafika 5200 movomerezeka, koma zikakhala zinayi nambalayo imagwa kufika 3600. Ziwiri za 16GB zimaposa zinayi za 8GB, ndipo mukafuna 64GB gulani ziwiri za 32GB. Zigulidwe m'paketi imodzi, chifukwa zoterozo zinayesedwera limodzi. Kugula imodzi lero ina chaka chamawa, ngakhale dzina likhale lofanana, tizipangizo ta m'kati titha kukhala tosiyana. Imodzi yokha nayonso siyabwino, pakuti purosesa ili ndi njira ziwiri zolankhulira ndi RAM ndipo inu mwatseka imodzi. Ziwirizo musaziyandikanitse. Pa motherboard zambiri malo ake ndi lachiwiri ndi lachinayi kuchokera ku purosesa, olembedwa A2 ndi B2, ndipo kabuku kobwera m'bokosi kamaonetsa zimenezi pa chithunzi.

Kompyuta ikayaka, lowani mu BIOS. RAM yolembedwa 6000 pa paketi imayamba kuyenda pa 4800 kapena chapomwepo, ya 3600 pa 2133 kapena 2400, mpaka mutatsegula batani loyendetsa RAM pa liwiro la pa paketi, lotchedwa XMP ku Intel kapena EXPO ku AM5. Alipo anthu omwe atha zaka akugwiritsa ntchito RAM yodula pa liwiro la yotchipa chifukwa cha batani limodzi limeneli. Mukalitsegula, ikani MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, pa fulashi, muisiye iyende usiku wonse. Ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi, tsitsani liwiro pang'ono, mwachitsanzo kuchoka 6000 kufika 5600, muyesenso.